Botolo la pagolo la kumlambe

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Aliyense anabadwa, anaweta mbuzi, anakwapulidwa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, choncho musayembekezere mawu okometsa. Ndilemba za ntchito, za buku lija ndi za filimu ija. Zinthu ziwirizi zandiyankhulira mokwanira.

Ndili ndi zaka 22: Ngabu, kumakina a thonje

Ntchito yoyamba ndinaipeza ku kampani yogula thonje. Anandiika pamakina otsindira mabelo. Za kutentha kwa mushedi muja sindifotokoza, ndinu a kuno komwe. Fumbi la thonje tinkalilavula mpaka Lamulungu kutchalitchi. Chaka chachitatu lamba wa makina anaduka. Wina watsopano kunalibe, kapitawo anati timange ndi waya. Wayayo anandikoka dzanja lamanzere, zala ziwiri zinatsala momwemo. Nditatuluka m'chipatala anandiitana bwana Kachingwe, mkulu wa pamalopo, munthu wa kumtunda, wosekerera nthawi zonse. Ine munthu wosekerera popanda chifukwa ndimamuyang'ana m'manja. Anati, "Semba, kumakina sungabwerere. Koma kampani sitaya munthu wake. Tikupatsa bwalo la mpira uzilisamala." Ndinati takhuta, zikomo wa kwathu kuno. Mumtima ndinadziwa kuti akunditseka pakamwa kuti ndisakadandaule kuboma. Ndinalandirabe. Kuyambira pamenepo Ngabu yense ankanditchula Zala Zitatu.

Ndili ndi zaka 25 mpaka 38: bwalo

Bwalolo linali ndi mpanda wa malata akale, geti limodzi ndi kiyi mmodzi. Kiyiyo ankakhala m'thumba mwanga. Magolo tinawapatsa maina: la kumsewu ndi la kumlambe, chifukwa kuseri kwa linalo kunali mlambe waukulu. Zosowa zinali zambiri. Laimu wolembera mizere ankabwera kamodzi pachaka. Akatha ndinkasefa phulusa la kwa amayi ophika kachasu. Maukonde a golo atang'ambika ndinakapempha akale kwa asodzi a ku Shire, ndipo kwa mwezi wathunthu goloboyi ankanunkha nsomba. Ng'ombe za ku Ngabu mumazidziwa. Zikapeza lata logwedera zinkalowa, ine n'kumatola ndowe mpaka nthawi ya mpira.

Timu inali ya kampani, koma eni ake enieni anali masapota. Mkulu wawo anali Zuze Tchale, wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika, mwamuna wa mlongo wanga Esinta. Mlamu wanga ameneyo. Wamfupi, wa mawu ngati ng'ombe yamphongo, katswiri pang'oma. Masapotawo anali ndi mwambo wawo. Chigawo choyamba chikatha, osewera akupuma, ankalowa m'bwalo ndi ng'oma n'kuvina kuchokera golo lina mpaka linzake, amayi akuimba nthungululu, fumbi lili koboo. Palibe ankawaletsa. Matimu achilendo ankaopa kulowera pageti, ati tathirapo mankhwala, ndiye ankalumpha mpanda. Lolemba ine ndinkakhomanso malata omwe agwetsa.

Pakati pa masapotawo pankakhala mphunzitsi wina, a Fombe. Osavina, osatukwana woimbira, ankangolemba m'kope. Tsiku lina ndinafunsa Zuze.

"Uyu amalembera ndani?"

"Akuti buku, alamu. Tidzatchuka."

"Munthu wobwera kumpira ndi cholembera si sapota. Ndi kazitape."

Zuze anaseka mpaka kutsokomola. "Inu alamu, ngakhale nkhuku ikakuyang'anani mumati yatumidwa."

Ndili ndi zaka 38: tsiku la chikho

Chaka chimenecho timu yathu inafika ndime yomaliza ya chikho. Adani anali timu ya kumtunda. Loweruka m'mawa, dzuwa litangotuluka, ndikusefa phulusa, Zuze anagogoda pageti ali yekha.

"Alamu, tsegulani."

"Mpira ndi masana."

"Ndikudziwa. Ndabwera ndi kanthu."

Anatulutsa kabotolo m'thumba. Munali zakuda, kukamwa kwake atamanga ndi ulusi wofiira. Anati wakatenga kwa sing'anga wa kutsidya, ku Mozambiki.

"Ichi chimatseka golo. Mukudziwa kuti athu amayambira kumlambe. Ndikwirira pamenepo, chigawo choyamba mpira sulowa. Tikamavina pa nthawi yopuma ndigwada ngati ndikukunga ng'oma, ndifukula. Alendo akasinthira pamenepo apeza golo lili pululu."

"Nanga chigawo chachiwiri golo lathu atseka ndani?"

"Goloboyi amadyeranji?"

"Nkhabe, Zuze. Sizitheka."

"Alamu, timuyi ndi yanunso."

Ndinatsegula. Mabotolo sindiwakhulupirira, ngakhale lero. Ndinatsegula chifukwa anali mlamu wanga, komanso ndinkafuna achoke ndimalize mizere. Anakumba ndi mpeni wake wa nyama pakati penipeni pa golo, anakwirira, anapondaponda, anapita. Panalibe wina anationa.

Cha m'ma leveni anafika bwana Kachingwe ndi akuluakulu a mpira ochokera kutauni. Anandipatsa chingwe chachitali ndi apolisi awiri. "Semba, lero kuli alendo olemekezeka. Zovina m'bwalo zija ayi. Ng'oma ikangoponda mzere, ntchito yako yathera pomwepo." Ndinafuna kukamuuza Zuze, koma anthu anali atayamba kale kukankhana pageti, ndipo geti silisiyidwa.

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Masapota ananyamuka ndi ng'oma monga mwa nthawi zonse, anapeza chingwe, kuseri kwake kuli ine.

"Alamu, chotsani chingwe."

"Bwana waletsa."

Zuze anandiyandikira kukhutu. "Mukudziwa chomwe chili uko."

"Ndikudziwa."

"Ndidutse ndekha. Kamphindi kokha."

Ndinayang'ana komwe kunakhala bwana. Maso ake anali pa ine. Kunyumba ndinali ndi ana anayi, Marita ali kumsana kwa amake. Munthu wa zala zitatu ntchito ina akaipeza kuti? Ndinati ayi. Anthu anandituka, amayi ena anandiponyera zikonyo za chimanga. Chingwe sindinachisiye.

Chigawo chachiwiri athu anapita kukamwetsa golo la kumlambe. Mpira unagunda mtengo wa golo katatu. Kachinayi unadutsa goloboyi n'kukaima mumchenga pamzere penipeni, mzere wanga womwe wa phulusa. Sindikunena kuti linali botolo. Ndikunena zomwe ndinaona. Alendo anapeza mpata umodzi kumsewu, anamwetsa. Wezulo yomaliza italira anthu anadula chingwe n'kuthamangira kumlambe, akukuwa kuti pali chinthu. Anakumba ndi manja. Botolo linatuluka. Poyamba aliyense ankaganiza kuti akwirira ndi alendo. Kenako ndinamva mawu omwe ndinkawadziwa.

"Kiyi amasunga ndani? Watiletsa kuvina ndani?"

Anali Zuze. Ndinamuyang'ana. Iye ankayang'ana anthu. Apolisi aja anandikokera m'chipinda chosungiramo mipira n'kutseka chitseko. Njinga yanga anthu anaiphwanya ndi miyala.

Mudzafunsa chifukwa chomwe sindinakuwe kuti botolo ndi lake. Choyamba, akanandimva ndani? Chachiwiri, akanandimva, khamu lija likanapita kwa Esinta. Nyumba yake inali yaudzu, ana asanu, ndipo ogula nyama ya Zuze anali masapota omwewo. Ndinati ndipirire masiku ochepa, Zuze abwera kudzapepesa, tiona chochita. Sanabwere.

Ndili ndi zaka 38 mpaka 55: Makhanga

Lolemba bwana Kachingwe anandiitana, akusekerera. Anati pofuna kuteteza moyo wanga andisamutsira ku Makhanga, ndikakhale mlonda pamsika wa thonje. Bwalo anapatsa mphwake. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati chingwe chija anandipatsa chifukwa cha alendo kapena chifukwa cha mphwakeyo. Ku Makhanga ndinakhala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dzinja likafika msewu unkatha, mchere ndi sopo zinkabwera pabwato, mwezi wina osabwera. Kawiri madzi analowa mushedi, ndinakweza sikelo pamwamba pa mabelo, inenso n'kukhala pomwepo masiku awiri. Mabwana anayi anandidutsa. Mmodzi yekha ndiye ankadziwa dzina langa lenileni. Akulu mwa inu mumakumbukira udzudzu wa kumeneko, sindiwonjezera.

Zuze anamwalira ndili komweko, atadwala miyezi itatu. Maliro ake anali aakulu, ngati a mfumu. Masapota anakana kuti ndigwire bokosi. Pambuyo pake anamangira Esinta nyumba ya malata kwathu kwa Malemia, ndipo ng'oma anapatsa mwana wake woyamba, Jofesi. Chaka chilichonse nyengo ya mpira ikamayamba ankapita kukamuona Esinta, atanyamula thumba la chimanga, n'kumutchula mayi wa timu.

Buku la a Fombe linatuluka patapita zaka ziwiri Zuze atamwalira. Marita, ali kusekondale, anandigulira ku Blantyre osadziwa za m'katimo. Ndinaliwerenga masabata atatu, chala pamzere. Ndinene zoona, silinali loipa. Nyimbo za masapota zinalimo, nthabwala zawo zinalimo, ngakhale ukonde wonunkha nsomba unalimo. Zuze anamusintha dzina n'kumusandutsa ngwazi. Chakumapeto kunali masamba awiri a mlonda wa pageti. Dzina lina, koma zala zitatu. Analandira mbuzi kwa alendo n'kuwatsegulira geti kuti akwirire botolo.

A Fombe ndinawapeza pasiteji ya minibasi ku Bangula.

"A Semba, si inu ameneyo. Ndi munthu wa m'buku."

"Zala zake zinapita kuti?"

"Nkhani imafuna kachizindikiro koti owerenga azikumbukira."

"Za mbuzi anakuuzani ndani?"

Anakanda kumutu. "Malemu a Tchale."

Ndinawasiya. Ndinadzitonthoza kuti buku kuchigwa kuno amawerenga ndi aphunzitsi anzawo okha. Ena onse amakulungira mandasi.

Ndili ndi zaka 61: a filimu

Nditapuma ntchito ndinabwerera ku Ngabu. Anthu anali atayamba kuiwala. Ena ankandipatsa moni. Tsiku lina masana galimoto yoyera inaima pakhomo. Munatuluka mayi wachitsikana wovala buluku, anati dzina lake ndi Tamanda, ndiye mkulu wa anthu omwe akusandutsa buku la a Fombe kukhala filimu. Anagwada bwinobwino popereka moni. Ndinati uyu waphunzitsidwa dzulo. Anali ndi bambo wina wamtali, amene anati adzasewera mlonda. Bamboyo maso ake sankachoka padzanja langa.

"Madala, kiyi munkamugwira bwanji? Tandionetsani."

"Ndi mano."

Tamanda anamuuza akadikire m'galimoto. Kenako anakhala pamphasa.

"Bambo Semba, sindikubisirani. M'buku mlonda ali ndi masamba awiri. Mufilimu adzakhala paliponse. Filimu imafuna munthu woipa wooneka nkhope. Mbuzi taichotsa, taika njinga yatsopano, mbuzi imavuta kujambula."

"Ndiye mwabwera kudzatani? Kudzandiyeza bokosi?"

"Pali chomwe chikundivuta. Ndafunsa anthu asanu ndi awiri omwe analipo. Onse akuti timu yanu inkayambira kumlambe nthawi zonse. Alendo akanakwiriranji botolo loteteza golo lanu chigawo chonse choyamba? Bwanji osalibweretsa pa nthawi yopuma? Amene anakwirira ankafuna kudzafukula. Ndipo munthu wogulitsa timu sakhala m'nyumba ngati iyi."

Zaka makumi awiri ndi zitatu, palibe anafunsapo funso limenelo. Ndinayang'ana thumba lake, ndikuganiza kuti muli kojambulira mawu. Analitsegula yekha n'kundionetsa. Munali foni yozima ndi botolo la madzi.

"Ngati pali china, ndiuzeni, ndisintha nkhani. A Fombe andilola. Tiyamba kujambula Lolemba. Ndibweranso Lachisanu."

Buku likhoza kugona pashelefu. Filimu ayi. Imalowa m'mafoni, m'mavidiyo a pamsika, ngakhale wosadziwa kuwerenga amaiona. Adzukulu anga adzaiona. Koma dzina la Zuze linali denga la Esinta. Ndinaganiza kuti mlongo wanga sadziwa kanthu, ndipo si bwino adzamvere pa kanema. Lachitatu ndinakwera minibasi ya ku Nsanje, ndinatsika n'kutenga kabaza mpaka kwa Malemia.

Ndinamupeza akusankha nyemba pakhonde, miyendo itatupa. Ankadwala kale nthenda ya mtima. Tinalonjerana. Ndinayamba pang'onopang'ono, za geti, za m'mawa uja. Sindinafike n'komwe pa ulusi wofiira.

"Achimwene, botolo lija linali langa. Ndinkasungiramo mafuta ophikira. Ndinalitsuka ndekha Lachinayi, asanapite nalo kutsidya."

Pa moyo wanga ndakayikirapo mabwana, aphunzitsi, apolisi, abusa, ngakhale amayi anu. Esinta yekha sindinamukayikirepo.

"Make Jofesi, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndili ku Makhanga, madzi ali m'chiuno, unkadziwa?"

"Ndikanatani? Ana asanu. Inunso munakhala chete chifukwa cha ana omwewo."

"Ana aja akula. Ali ndi ndevu."

"Jofesi amaimba ng'oma ya abambo ake. Malata awa mukuwaona. Mukanena, ndidzayenda bwanji kutchalitchi? Sindikukanizani, achimwene. Dzina ndi lanu. Ndikungopempha mudikire ndigone kaye. Sindichedwa."

Sanalire. Anapitiriza kusankha nyemba. Anandiphikira, sindinadye. Pobwerera ndinatsika kabaza n'kuyenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, kuti mkwiyo uchoke m'miyendo. Sunachoke. Koma amene anamulera Esinta bambo athu atamwalira ndine, ndipo sindinamukanizepo kanthu.

Lachisanu Tamanda anabwera.

Ndinati, "Jambulani momwe zilili m'buku."

"Bambo, mukunama."

"Inunso ntchito yanu ndi yomweyo."

Anafunsa ngati angachotseko za zala, mlondayo akhale ndi dzanja lathunthu. Ndinati achotse. Patapita sabata ndinamva kuti bambo wamtali uja akuyendayenda pabwalo zala ziwiri atazimata ndi tepi. Tamanda anatumiza mawu kuti eni ndalama akana, ati zala ndizo zimakoka anthu. Mwina n'zoona. Mwina sanafunse n'komwe.

Ndili ndi zaka 62: filimu itatuluka

Ndinakaiona kamodzi, masana, m'kachisakasa ka vidiyo pamsika, chipewa nditatsitsa. Masapota a mufilimu anali oyera zovala kwambiri, ndipo ankavina ngati a kwaya. Alendo ankalowera pageti, chinthu chomwe sichinachitikepo. Mlambe anajambula wina wa kumsewu wa ku Chikwawa. Anthu sanasamale zimenezo. Mlonda atalandira njinga n'kuisisita ndi zala zitatu, chisakasa chonse chinakuwa. Bambo wina pafupi nane anati, "Alipo ameneyu, amakhala kuseri kwa chigayo." Ndinadikira onse atuluke.

Moni unathanso. Akabaza ankandikwezera zala zitatu podutsa. Marita, amene amagulitsa zitenje pamsika womwewo, anabwera tsiku lina osakhala n'komwe pansi.

"Ababa, makasitomala akundifunsa kuti njinga ija tinaisiya kuti. Ndakhala ndikukangana ndi anthu chifukwa cha inu. Ndiuzeni ine ndekha. Munachita?"

Ndinati, "Filimu ndi filimu."

"Limenelo si yankho."

Anachoka. Kuyambira tsiku limenelo amabwera, amandisesera, amandisiyira ndiwo, koma sakhalitsa.

Ndili ndi zaka 64: mwezi uno

Esinta tinamuika masabata atatu apitawo. Anati sachedwa, anakhala zaka zitatu. Sindikudandaula. Masapota anabwera ndi lole yodzaza, Jofesi anaimba ng'oma mpaka kumanda. Tsiku lometa litadutsa ndinamuitanira Jofesi padera, pansi pa mtengo wa masawu. Sindinafune adzamvere kwa ena. Ndinamuuza zonse monga ndalembera pano. Anamvetsera osandidula mawu. Nditamaliza anafunsa.

"Malume, analipo wina m'mawa umenewo?"

"Panalibe."

"Amayi atakuuzani za botolo, analipo wina?"

"Panalibe."

"Ndiye mwadikira kuti onse okutsutsani afe."

Anaimirira, anasasa fumbi pabuluku, anapita. Sanatukwane. Ndinafuna kukwiya, koma mnyamatayo anafunsa bwino. Munthu wina akanandibweretsera nkhani ngati iyi, yoneneza akufa awiri, popanda mboni, inenso ndikanamuthamangitsa.

Choncho ana anga, mboni ndilibe. A Fombe ali ndi buku, a kutauni ali ndi filimu, ine ndili ndi kope ili. Marita, unandifunsa ndipo sindinakuyankhe. Geti ndinatsegula. Chingwe ndinagwira. Mbuzi sindinalandire, njinga sindinalandire, timu sindinagulitse. Wakhala nane zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ukundidziwa. Ukhulupirire amene ukufuna.